Ndili ku Joni, nyumba ya amayi ku Chinamwali ikudonthabe: ndiyambire pati?

Funso: Ndakhala ku Johannesburg zaka 8, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kwathu ndi ku Chinamwali, ku Zomba, komwe amayi akukhala m'nyumba yomwe anamanga ndi malemu bambo athu. Chaka chatha ndinatumiza ndalama katatu kwa mlongo wanga kuti akonzetse nyumbayo. Zithunzi ananditumizira, penti yatsopano ndi matailosi pabalaza. Koma mvula itangoyamba amayi ayambanso kutchera mabeseni kuchipinda, ndipo khoma lakuseri lachita mng'alu. Sindikufuna kukangana ndi mlongo wanga. Tchuthi ndimapeza kamodzi pachaka, masabata atatu okha. Ndiyambire pati? Anaphiri, Johannesburg.

Yankho: Anaphiri, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo pomwe pandikhudza ndi pa mabeseni a amayiwo. Ndagwira ntchito yoyang'anira zomangamanga kuno ku Zomba kwa zaka zambiri, ndipo nyumba zokonzetsedwa ndi anthu a kunja ndalowamo zambiri. Musafulumire kuganiza kuti alongo anu anadya ndalama. Penti ndi matailosi sizotchipa, n'kutheka ndithu kuti ndalama yonse inapita pa nyumbapo. Munthu amene walandira ndalama yochokera kwa m'bale amene akuvutikira kunja amakhala ndi mtolo wakuti aonetse kanthu. Ndiye amagula chimene chimaoneka bwino pa chithunzi. Mtanda watsopano wa kudenga suoneka pa WhatsApp, ngalande ya kuseri kwa nyumba palibe amaijambula. Matenda a nyumba amakhala m'malo obisika, ndipo munthu amene ali kutali ndi amene amavutika kwambiri kuwaona. Choncho ndalama zanu, maso amene mudzabwereke, ngakhale tchuthi chanu cha masabata atatucho, zonse zilunjike pa zinthu zimene zimakwiririka ntchito ikatha.

Ndikuuzeni zimene ndinaona m'nyumba ina ku Matawale. Mwini wake anali ku Cape Town, ndipo anali atalipira siling'i yatsopano nyumba yonse, yoyera mbee. Patangotha mvula imodzi inayamba kuchita mawanga achikasu. Ndinakwera makwerero n'kulowa pa kabowo ka m'kanjira, tochi ili kukamwa. Matabwa a denga ankaoneka abwinobwino. Nditakanikiza limodzi ndi sikuludiraiva, inangolowa ngati ndikubaya mbatata yophika, m'kati mukutuluka dothi lofiira. Chiswe chinali chitadya m'kati monse n'kusiya khungu lokha. Nditazimitsa tochi ndinaona timabowo ta kuwala mbwee pa malata, chifukwa amene anafolera kalelo anakhoma misomali yambiri m'makwawa a lata, momwe mumayenda madzi, m'malo mokhoma pamsana. Siling'i yonse yolipiridwa ija tinaitsitsa. Mwini nyumba analipira kawiri ntchito imodzi, ndipo panalibe amene anamubera.

Ndiye pa ntchito yaikulu yokonza nyumbayi, ndalama yoyamba imene mutumize isagule thumba la simenti ngakhale limodzi. Ilipire munthu wodziwa za nyumba kuti akaiyendere yonse n'kukulemberani zimene wapeza. Akhale munthu amene sadzapatsidwa ntchito yokonzayo, komanso amene si mnzake wa mmisiri amene adzagwire. Mmisiri ukamufunsa ngati nyumba ikufunika ntchito, amaona ntchito imene iye amaitha. Woyenderayo akwere m'denga, azungulire maziko, agogode pulasitala kuti amve pomwe pakulira ngati ng'oma, aone bokosi la magetsi, ndipo pochita zonsezi akuimbireni pa vidiyo inu mukuona. Auzeni aboole pang'ono pulasitala pakona ina kuti aone chimene anamangira njerwa. Nyumba zambiri zakale m'makwalala athu muno ndi za njerwa zootcha koma zomangira matope, pulasitala ndi amene amabisa. Nyumba yotere imakhalitsa ikamatetezedwa ku madzi, koma madzi akailowerera imafewa msanga, ndipo siyofunika kuisenzetsa zolemera popanda kuilimbitsa kaye. Akapeza kuti mbali ina inafoleredwa ndi mapepala a asibesitosi, monga zilili nyumba zina zomangidwa nthawi imene Zomba anali likulu la dziko chisanafike chaka cha 1975, asalole munthu kuwadula kapena kuwaswa, fumbi lake limawononga mapapo.

Za mng'alu wa khoma lakuseri. Si mng'alu uliwonse umene uli woopsa. Timizere tating'ono ngati tsitsi tomwazikana pa pulasitala nthawi zambiri timangosonyeza kuti pulasitalayo anauma mofulumira kapena mchenga unali ndi dothi. Woopsa ndi umene ukutsata mizere ya njerwa ngati masitepe, woyambira pakona ya zenera kapena chitseko, wotakasuka mbali imodzi kuposa inzake, woonekera mkati ndi kunja komwe. Umenewo ukunena kuti pansi pakusuntha. Pali njira yapafupi yodziwira ngati ukukulabe, ndipo alongo anu angathe kuichita mawa lomwe. Amate kasimenti kopyapyala kodutsa pa mng'aluwo m'malo awiri kapena atatu, alembe tsiku pambali pake ndi pensulo, aziujambula sabata iliyonse. Kasimentiko kakasweka ndiye kuti khoma likuyendabe, ndipo kumata mng'alu wotero ndi kutaya simenti. Muyenera kupeza kaye chimene chikufewetsa dothi la pansi pa maziko.

Kuno ku Zomba, nthawi zambiri chimenecho ndi madzi. Mzinda wathu wakhala m'munsi mwa phiri, malo ambiri ndi otsetsereka, ndipo mvula ikagwa kumtunda madzi amatsika ndi mphamvu. Amene tinaona namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti makoma ambiri amene anagwa anayamba ndi kunyowa m'munsi kwa masiku angapo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Woyandikana naye wa kumtunda akamanga mpanda kapena kuthira simenti pabwalo pake, madzi amene ankalowa m'nthaka kwa iye amasaka njira ina, ndipo kawirikawiri njirayo imathera pa khoma lakuseri la nyumba ya kumunsi. Funsani amayi kuti mng'aluwo unayamba liti, ndipo kumtunda kwasintha chiyani zaka zimenezi. Iwo ndi amene amaima pakhomo mvula ikamagwa, akudziwa komwe madzi amachokera kuposa tonsefe. Mankhwala ake nthawi zambiri ndi ngalande yomanga bwino kumtunda kwa nyumba yopatutsa madzi, kakhonde ka simenti kozungulira nyumba yonse kotambalala masentimita 60 mpaka mita imodzi kopendekera kunja, ndi magata olandira madzi a padenga. Aonenso ngati dothi la panja silinakwere mpaka kukwirira pulasitiki ya m'maziko ija amati DPC. Imayenera kukhala masentimita 15 pamwamba pa nthaka. Ikakwiririka, chinyezi chimakwera khoma, penti n'kumatukusira ndi kutuluka zoyera ngati mchere.

Tsopano nkhani imene anthu sakonda kuti ndiitchule, koma ndikapanda kuitchula ndakulakwirani. Nyumbayo ndi ya yani pa pepala? Mwati anamanga amayi ndi malemu bambo. Fufuzani ngati malowo ali ndi lisi ya ku Unduna wa za Malo, ngati ndi puloti ya khonsolo, kapena ngati anangopatsidwa ndi amfumu, ndipo dzina limene lili pa mapepalawo ndi la yani. Ngati likadali la malemu, lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limaika patsogolo mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Izi zikuteteza amayi. Koma zikutanthauzanso kuti nyumbayo ndi ya banja, ndipo kuthirapo ndalama zanu zambiri sikuisandutsa yanu. Ndaona anthu akubwera kuchokera kunja patatha zaka 15, nyumba ataimanganso pafupifupi yonse, n'kupeza kuti abale onse akuiwerengera mofanana, ndipo abalewo sakulakwa. Kuno kwathu kumene mabanja ambiri ndi achikamwini, amalume monga mwinimbumba amakhalanso ndi mawu pa za malo. Khalani pansi amayi ali moyo ndi mphamvu zawo, inu, alongo anu, abale ena onse ndi amalume, mugwirizane kuti mukukonzera amayi pokhala, ndipo za m'tsogolo zidzayenda motani. Zimene mwagwirizana zilembedwe, aliyense asaine. Ngati mukuzichita monga mphatso kwa amayi osayembekezera kanthu, ndi bwinonso, bola muzichite mukudziwa. Mukadzafuna kuwonjezera chipinda kapena kusintha kamangidwe ka nyumba, pamafunika pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda wa Zomba, ndipo mukapita kumeneko mufunsenso ngati nyumbayo ilibe ngongole ya msonkho wa nyumba.

Tibwere kwa alongo anu, chifukwa mwanena kuti simukufuna mkangano, ndipo ine ndikugwirizana nanu. Chimene chinachitika chaka chatha n'chakuti munthu mmodzi anasenza ntchito zitatu. Ndiye ankasunga ndalama, ndiye ankasankha chochita ndi mmisiri, ndiyenso ankakuuzani ngati ntchito yayenda bwino. Ngakhale munthu wokhulupirika chotani, mtolo umenewu ndi wolemera. Taganizirani, ndalama ya simenti ili mu foni mwake, usiku mwana watentha thupi, kapena kwagwa maliro kumudzi ndipo aliyense akudziwa kuti kwa Anaphiri kunabwera ndalama ya ku Joni. Akana bwanji? Amatapako ndi mtima wakuti abweza, kenaka mmisiri amauzidwa kuti matumba 10 aja akwanire pomwe pamafunika 14. Mmisiri sakana, amangowonjezera mchenga.

Mupepuzeni mtolowo. Ndalama ya zipangizo izipita molunjika ku sitolo ya hadiweya, inu mutalandira koteshoni yolembedwa, ndipo risiti azikujambulirani. Masitolo ambiri masiku ano amalandira kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba. Ndalama ya mmisiri izipita kwa mmisiri mwini wake. Alongo anu akhale maso a pamalopo, olandira katundu, owerenga, osunga kiyi wa chipinda chosungiramo zipangizo. Woyendera uja azibwera pa mapeto a gawo lililonse kudzavomereza ntchito musanalipire. Ndipo alongo anuwo muziwapatsa kenakake pa mwezi, kodziwika, ka ntchito imeneyi. Akusiya zochita zawo, akukwera kabaza kupita m'tauni kukafunsa mitengo, akugula bandulo yokutumizirani mavidiyo. Anthu akunja ambiri amaiwala zimenezi, amaona ngati m'bale azingothamanga chifukwa ndi m'bale. Ndalama ya chakudya ndi mankhwala a amayi izipita payokha, tsiku lina, kuti isasakanikirane ndi ya nyumba. Mukatero simunawachotse ulemu, mwawachotsera chiyeso ndi manong'onong'o a abale.

Mmisiri musamusankhe chifukwa ndi wa kutchalitchi kapena kumzikiti kwanu, kapena chifukwa watchula mtengo wotsika. Alongo anu ndi woyendera uja akaone nyumba ziwiri zimene anafolera zaka zitatu zapitazo, alankhule ndi eni ake iye palibe. Denga limene lapirira mvula zitatu ndi umboni woposa satifiketi, ngakhale pepala la TEVETA likakhalapo ndi chinthu chabwino. Ntchito ikakhala yaikulu, monga kugwetsa khoma ndi kumanganso maziko, funani kontilakitala wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira zomangamanga limene ambiri timalidziwa ndi dzina lakuti NCIC. Mgwirizano ulembedwe ngakhale pa pepala la mu kope, m'Chichewa chomveka: ntchito yake ndi iti, igawidwa m'magawo angati, gawo lililonse ndi ndalama zingati. Dipoziti ikhale yochepa, yongomuthandiza kuyamba. Ndalama izitsatira ntchito yotha, isamatsogole. Ndipo mugwirizane poyambirira pomwe kuti 10 peresenti ya malipiro ake mudzaisunga mpaka mvula yamphamvu itagwa kangapo denga osadontha. Mmisiri wodzidalira savuta pa mfundo imeneyi.

Bajeti yanu muziiwerenga m'matumba a simenti, m'malata ndi m'matabwa, osati m'makwacha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali atatumiziratu ndalama ya ntchito yonse n'kuisunga m'makwacha anadzuka m'mawa ikugula zochepa kwambiri. Sungani ndalama yanu m'marandi komweko, muzitumiza ya gawo limene likuyamba basi, kudzera njira zodziwika monga Mukuru, Hello Paisa kapena banki, zimene zimasiya umboni. Koteshoni ya mwezi wathawu musaidalire, funsaninso tsiku logula. Ngati mukufuna kugulira zinthu pasadakhale pothawa kukwera kwa mitengo, gulani zosawonongeka: malata, zitsulo, mafelemu, misomali. Simenti ayi. Ikakhala miyezi yoposa itatu, makamaka ndi chinyezi cha kuno, imayamba kuchita mibulu ndi kutha mphamvu. Pamwamba pa zonse ikani padera gawo limodzi mwa magawo asanu a bajeti. Nyumba yakale ukaitsegula sulephera kupeza china chimene sunachiyembekezere.

Pali manambala ochepa amene angakuthandizeni kufunsa mafunso oyenera muli konko. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, ndipo wilibala ya amisiri yodzaza mosasefukira imatenga pafupifupi matumba awiri. Choncho pomanga njerwa kapena kupaka pulasitala wamba, thumba limodzi lisapitirire mawilibala atatu a mchenga. Malo okumana ndi madzi, monga ngalande ndi m'munsi mwa khoma, mawilibala awiri. Thumba limodzi limapaka pulasitala malo okwana masikweya mita 8 mpaka 10, kutengera kuwongoka kwa khoma. Mabuloko a simenti a masentimita 40 m'litali ndi 20 msinkhu amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita imodzi. Mukadziwa kukula kwa khoma mungathe kuwerengera nokha pa foni musanavomere koteshoni. Matumba otha asatayidwe, aziwerengedwa madzulo alionse. Pa thumba pamalembedwa nambala yosonyeza mphamvu ya simentiyo, 32.5 kapena 42.5. Yoyambayo imakwanira pomanga ndi pulasitala, yachiwiriyo ndi yabwino pa konkire wa bimu ndi mizati. Ndipo simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa. Konkire ndi pulasitala watsopano azithiriridwa masiku 7 osadumphitsa. Lipirani mnyamata wa ganyu wa ntchito yokhayi, ndipo musadabwe bilu ya Southern Region Water Board ikakwera mwezi umenewo.

Mchenga nawo umanamiza. Wa mumtsinje wotsukika bwino ndi umene timafuna, koma ogulitsa ena amasakaniza ndi wa m'dambo. Auzeni alongo anu athire mchenga m'botolo loonekera mpaka theka, adzaze madzi, akhutchumule, alisiye usiku wonse. M'mawa dothi limakhala litakhazikika pamwamba pa mchenga ngati kamzere. Kakakhala kokhuthala ngati chala, lole imeneyo ibwerere. Chimenechi ndi chithunzi chimene chili ndi phindu kwa inu kuposa cha khoma lopakidwa penti.

Pa denga, pomwe ndikuganiza kuti ndalama yanu yambiri ipita, samalani zinthu zitatu. Malata amasiyana geji, ndipo nambala ikakhala yaing'ono lata ndiye lokhuthala. Geji 28 ndi yolimba kuposa 30, ndipo 32 ndi yopyapyala kwambiri, sindingaiike pa nyumba ya mayi anga. Pa chithunzi onse amawala mofanana, choncho geji ilembedwe pa risiti ndipo woyendera aione malata asanakwere. Chachiwiri ndi matabwa. Paini wongochekedwa kumene amakhala wamadzi, ukamukhoma amapindika akamauma n'kusolola misomali. Agulidwe msanga, asanjidwe pamthunzi kuti aume, apakidwe mankhwala a chiswe mbali zonse ndi kumapeto komwe adulidwa, asanakwezedwe. Pansi pozungulira nyumba pathiridwenso mankhwala, ndipo ngati pali chulu pafupi chikumbidwe. Chachitatu, denga limangiriridwe ku khoma ndi waya wokhuthala kapena lamba wachitsulo wolowa mizere ingapo ya njerwa pansi. Mphepo ya mvula zoyamba imasasula madenga chaka ndi chaka kuno, ndipo ambiri mwa iwo amakhala ongokhazikidwa pamwamba pa khoma. Zitatu zonsezi zimabisika siling'i ikangokhomedwa.

Magetsi agwire munthu amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, osati mnyamata wa m'dera amene amadziwako. Mawaya akale ofumbutsidwa ndi makoswe m'denga ndi amene amayambitsa moto. Poti denga lidzakhala lotsegula, imeneyo ndiyo nthawi yosintha mawaya, ndiponso yoikiratu mapaipi a mawaya a sola ngati mukuganiza zodzaika m'tsogolo chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi a ESCOM. Apa ndichenjezeretu za katundu wa ku Joni. Masoketi a ku South Africa ndi a mabowo atatu ozungulira, pomwe kuno timagwiritsa ntchito a makona anayi ngati a ku Britain. Ndinapezapo nyumba yoikidwa masoketi okongola ochokera kumeneko, gogo wa m'nyumbamo akulephera kulumikiza ngakhale wailesi yake. Zinthu zolemera ndi zosweka monga matailosi ndi masinki, mukaphatikiza malipiro a otengera katundu, msonkho wa MRA pa chipata ndi zimene zisweke panjira, nthawi zambiri phindu lake limatha, ndipo bokosi limodzi likaperewera simudzapeza ofanana nawo kuno. Zimene sizikupezeka m'Zomba zimapezeka ku Limbe ndi ku Blantyre, ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono pa msewu wa M3. M'chikwama mwanu mudzanyamule zing'onozing'ono zolimba: maloko abwino, mahinjesi, mipopi ya mkuwa, ndi tepi yoyezera yanuyanu.

Za tchuthi. Ndikudziwa kuti mtima umafuna Disembala, pomwe aliyense akubwera kumudzi. Koma ngati chaka chino ndi cha nyumba, Disembala ndi mwezi woipitsitsa. Mvula ili pakati, denga simungalitsegule, mabasi ndi odzaza, pa Beitbridge mizere ndi yaitali, ndipo ndalama imathera zikondwerero. Pemphani tchuthi cha pakati pa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Okutobala. Juni ndi Julayi ndi miyezi youma, koma kuno kumabwera chiperoni, kamvula kowaza kamene kangathe kukhala masiku angapo, ndipo nyumba yosasulidwa denga muli katundu wa amayi sifuna zimenezo. Pa basi, kudzera Harare, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, muwerengere masiku awiri kupita ndi awiri kubwerera. Ndege yochokera ku Johannesburg kutera ku Chileka imatenga maola awiri ndi pang'ono. Pa masabata atatu, masiku anayi amenewo ndi ambiri, choncho muyerekeze mtengo wa tikiti ndi masiku a ntchito amene mupulumutse. Musananyamuke onetsetsani kuti pasipoti ndi chilolezo chanu chokhalira ku South Africa zili m'nthawi yake, chifukwa wopyola masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka kapena kuposerapo, ndipo ntchito imene ikulipira nyumbayi ili kumeneko.

Musadzabwere kudzayamba kufunsa mitengo. Pofika inu, lipoti la woyendera likhale litawerengedwa, mmisiri atasankhidwa, matabwa atauma ndi kupakidwa mankhwala, malata ali m'nyumba. Masiku awiri oyamba ndi a banja ndi mapepala, poti maofesi a khonsolo ndi a za malo amatsegula m'kati mwa sabata mokha. Tsiku lachitatu denga lisasulidwe inu mutaima pomwepo. Mudzaone ndi maso anu mitu ya makoma, mawaya, ndi matabwa akale akutsika. Maziko a khoma lakuseri akumbidwe inu mulipo. Penti, matailosi ndi makatani zingathe kuchitika mutabwerera, zimenezo ndi zimene foni imaonetsa bwino. Ndipo mudzadziletse pa kawonjezerewonjezere, poti mukangofika aliyense adzabwera ndi ganizo lake, uyu geti, uyu mpanda, uyu chipinda cha alendo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Malizani kutseka madzi kaye.

Chinthu china chimene inu mukuchidziwa kuposa ine, poti ntchito yanu ndi yosamalira okalamba. Nyumbayi akukhalamo ndi amayi. Matailosi onyezimira aja akanyowa amaterera, ndipo munthu wamkulu akagwa n'kuthyoka chiuno moyo wake umasinthiratu. Onani ngati amene anaikidwa pabalaza ndi oterera, ndipo kubafa ndi pakhonde muike okhakhala. Sitepe ya pakhomo isatalike, pakhale chogwirira, kuchimbudzi kukhale kowala usiku. Afunseni amayi chimene chimawavuta tsiku ndi tsiku. Mwina inu mukulota khitchini ya makabati ngati ya kumene mukugwira ntchito, pomwe iwo akufuna kakhitchini ka panja kofolera bwino koti aziyatsa mbaula mvula ikamagwa. Mukonzeretunso komwe adzagone masiku amene denga lidzakhale lotsegula, ndi komwe katundu wawo adzasungidwe. Akuluakulu ambiri sakonda kuchoka pakhomo pawo, ndiye nkhaniyi muyambe kukambirana nawo panopa.

Pakadali pano mvula ikugwa ndipo amayi akugona ndi mabeseni. Sabata ino tumizani ndalama yochepa yoti kalipentala akwere tsiku lopanda mvula, akhomerere misomali yosololoka, amate mabowo ndi phula la padenga, asinthe lata limodzi kapena awiri pamwamba pa chipinda chawo. Bedi lisunthidwe kuchoka ku khoma long'alukalo. Alongo anu atenge khasu akumbe kangalande kumtunda kwa nyumba kuti madzi asamafike pa khomalo, amatenso kasimenti kaja pa mng'alu n'kulemba tsiku. Mukawaimbira, yambani ndi kuwathokoza pa ntchito ya chaka chatha, muwauze kuti chaka chino mukufuna kulimbana ndi denga ndi madzi, ndipo mwapeza munthu woti adzawathandize kuona za m'dengamo. Kasimentiko kakasweka mwezi usanathe, kapena chitseko cha chipindacho chikayamba kukanika kutseka, amayi asamukire chipinda china tsiku lomwelo ndipo woyendera uja apite msanga, osadikira chilimwe.